Sefa Yanga ndi Nsomba za Achimwene

Lolemba, 8 Julaye

Kuno mumzinda wa Bergen. Mvula, monga mwa masiku onse. Mu ofesi yathu yopanga mapu a kutentha kwa nyanja muli zii. Aliyense ku tchuthi cha Julaye, masabata atatu, mwatsala ine ndi makina a khofi odontha aja. Abwana, a Halvard, ali ku kanyumba kawo kumapiri, kosagwira foni. Potuluka Lachisanu anati, "Nyanja sithawa, Oddrun. Ungoyang'anira Pasifiki."

Ndiye Pasifiki. El Nino, kutentha kwa madzi ake kosokoneza nyengo kuja, akutha kapena ayi? Lipoti likufunika pa 19. Setilaiti yatumiza zithunzi bwinobwino, madzi otentha a kugombe la Peru akuchepa. Ndakhalira zimenezo tsiku lonse. Nyanja yoti sindinaipondeko, koma ndikuidziwa kuposa khitchini yanga.

Masana foni, achimwene a Torfinn kuchokera kwathu ku Senja, chilumba cha kumpoto kwenikweni, kozizira. Munthu wosaimba popanda vuto. "Apulofesa, tandiuzani za kumwambako. Madzi m'makola mwanga mwa nsomba ali pa madigiri 17." Ndinaseka. 17 ku Senja? Ndinati choyezera chanu chagwera m'khofi. Iwo ayi, ayeza ndi ziwiri. Nsomba zachepetsa kudya, zikuyandama pamwamba, kukamwa yasa.

Nkhani yake ndi iyi. Makola asanu ndi limodzi, salimoni zikwi mazana atatu, nsomba zosapirira madzi otentha, ntchito ya zaka ziwiri. Sitima ya pamadzi yonyamula nsomba kupita nazo kophera ili ndi mpata wa masiku anayi kuyambira Lachisanu. Akaitenga, agulitsa nsomba zisanakule. Akaisiya, mpata wina ndi pakati pa Ogasiti. Akufuna ndiwauze chochita.

Ndinatsegula mapu athu a lero foni ili pakhutu. Makolawo ali m'fiyodi, kachigawo ka nyanja kolowa pakati pa mapiri. Kunja kwa fiyodi, panyanja yaikulu, madigiri 11. Buluu yekhayekha, mtundu wa madzi ozizira, ngati chaka chilichonse. Ndinawauza kuti kutenthako ndi kwa m'kati mwa fiyodi mokha, pakati pa mapiri pamene madzi angoima. Mphepo ya kumpoto ikubwera Lachinayi, ikankhira madzi ozizira a kunja m'katimo. Dikirani.

"Ukutsimikiza, iwe?" Funso limeneli linandikwana. Ndinati zaka khumi ndi zisanu pa ntchito imeneyi, achimwene, si maula ayi.

Madzulo buledi ndi tchizi. Nsapato zanyowanso.

Lachitatu, 10 Julaye

Uthenga wa achimwene, mawu awiri: "Ndamvera sukulu." Sitima aisiya, waitenga mnzawo wa kuseri kwa phiri.

Ndamva kukoma, ndisaname. Zaka zonsezi kwathu amandiona ngati munthu wolandira malipiro chifukwa chopaka mapu utoto. Bambo mpaka kumwalira kwawo ankanditchula kuti mwana wanga wa zithunzi. Lero mwana wa zithunzi wafunsidwa nzeru.

Amayi pafoni, dzuwa lokhalokha kumeneko sabata yachitatu, popanda ndi kamphepo komwe. Maluwa awo akufota. Akudandaula kutentha, ku Senja! Ine kuno ndavala juzi.

Pasifiki: tsamba lachisanu ndi chiwiri. Wokonza makina a khofi nayenso ali pa tchuthi.

Loweruka, 13 Julaye

Mphepo inabwera Lachinayi, monga ndinanenera. Yawomba masiku awiri athunthu. Lero m'mawa m'makola 17 ndi theka.

Akwera. Madzi akwera kutentha mphepo ya kumpoto itawomba! Ndafunsa kawiri. Achimwene sanaseke, ngakhale za apulofesa sanatchule. "Madzi ako ozizira aja asochera kuti?"

Ndinati mwina achedwa. Mwina. Ine Oddrun kuyankha kuti mwina.

Kenako Amayi, akuseka ngati kamtsikana. Dzulo anakasambira. Zaka 76, munthu woti anasiya kulowa m'nyanja ine ndisanabadwe. Ndinafunsa kuti, m'fiyodi? Ayi, kunja, kugombe la mchenga loyang'ana nyanja yaikulu, ndi anzawo awiri a kwaya. "Theka la ola, mwana wanga. Ngati m'bafa. Ukanabwera."

Kunja. Pamalo pomwe mapu anga akuti 11. Pa 11 ngakhale mnyamata wamphamvu amatuluka pasanathe mphindi zisanu, milomo itada.

Ndakhala pampando ndi foni m'manja, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Supu wapserera.

Lamulungu, 14 Julaye

Ku ofesi 7 koloko m'mawa. Ndatsegula zithunzi zosasefa, zochokera ku setilaiti mwachindunji. Mu ofesi muno palibe amene amazitsegula. Tonse timayang'ana zosefa, zoyera bwino, zopanda mabowo. Ineyo ndinazitsegula komaliza mwina zaka zitatu zapitazo.

Kufiira. Kuyambira zilumba za Lofoten mpaka kupitirira Senja, kufiira kokhakokha, mtundu wa madzi otentha. 16, 17, malo ena 17 ndi theka. Ndinayesa ndatsegula nyanja ina. Ndinatseka, kutsegulanso. Chimodzimodzi.

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ubwerera. Setilaiti imayeza kachikopa kapamwamba pa nyanja basi. Dzuwa likawomba pa madzi abata kachikopako kamatentha pamene pansi pali pozizira, ndiye setilaiti imanama mosadziwa. Kum'mwera timatsimikiza ndi zithunzi za usiku. Kwathu mu Julaye usiku kulibe, dzuwa sililowa. Choncho zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndinalemba kapulogalamu: nambala iliyonse yoposa ya nthawi zonse ndi madigiri anayi itayidwe, limenelo ndi bodza la dzuwa. Pabowo lotsalalo paikidwe nambala ya zaka makumi atatu zapitazi. Anandiombera m'manja. Mpaka lero amaitchula kuti sefa ya Oddrun, ndipo ndinkanyada nayo.

Nyanja yatentha ndi madigiri asanu ndi limodzi. Sefa yanga inati sizingatheke, nkutaya. Tsiku ndi tsiku kuyambira pa 24 Juni. Masabata atatu mapu athu akhala akusonyeza nyanja ya kale, yomwe kulibenso.

Pali choyezera china choyandama kunja kwa Senja, chomizidwa m'madzi enieniwo, chosakhudzidwa ndi dzuwa. Nacho chinkanena 16. Manambala ake amadutsa m'sefa yomweyo. Mboni ziwiri, zonse ndinazitseka pakamwa.

Ndatsegula chithunzi chosasefa cha Lolemba, pa 8. Tsiku la foni lija. Chinalipo, chinafika 11 koloko m'mawa. Achimwene anaimba 1 koloko.

Ndasanza m'sinki ya mu ofesi.

A Halvard foni siikupezeka. Ndaimbira achimwene: madzi a kunja nawonso ndi otentha, ozizira sabwera, pezani sitima lero lomwe. Anafunsa, "Nanga mapu aja?" Ndinati makina sanaone bwino. Ndi mmene mawu anatulukira, makina sanaone bwino. Sanafunsenso, anali kale pa changu.

Lachiwiri, 16 Julaye

Sitima kulibe. Gombe lonse likulira chimodzimodzi, aliyense akufuna sitima, zonse zadzaza mpaka Ogasiti. Achimwene aimba mafoni makumi awiri. Abwereka makina opopera mpweya m'madzi, apeza awiri okha pa makola asanu ndi limodzi. Asiya kudyetsa kuti nsomba zisatope. Zofa dzulo: zikwi ziwiri.

Ndachotsa sefa pa kompyuta yanga ndekha nkupanganso mapu a mwezi wonse. Ndawaika motsatana. Kufiirako kukukula ngati bala. Ndawaonera kasanu, nthawi iliyonse ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina atha mwina.

Koma mapu opita kwa anthu akadali abodza. Lero m'mawa atulukanso, buluu, 11. Amapita kwa anthu oposa mazana awiri, alimi a nsomba, a zombo, a nyengo. Lamulo lathu: palibe kusintha kalikonse m'mapu popanda anthu awiri kusaina. Lamulo labwino. Ndinalivotera ineyo. Wachiwiri wosaina, a Halvard, ali kumapiri akupha udzudzu.

Ndalembera onse uthenga wachidule woti asadalire mapu a kumpoto. Theka la mayankho: ndili pa tchuthi, ndibwera pa 29. Dziko lopenga ili. Nyanja ikuwira, anthu ali pa tchuthi.

Sindinadye. Pasifiki sindinamukhudze.

Lachinayi, 18 Julaye

Dzulo ndinapita kumapiri kukawatenga abwana. Sitima ya pamtunda, basi, kenako maola awiri wapansi m'matope. Ndinawapeza a Halvard atavala kabudula akupaka khoma utoto, akazi awo akuthyola zipatso zakutchire. Kundiona anati, "Kwagwanji? Ofesi yapsa?"

Ndinangowapatsa mapepala awiri, losefa ndi losasefa. Anayang'ana ili, kuyang'ana ilo. Anakhala pansi pa chivindikiro cha utoto osadziwa. Kenako: "Ku Senja? Madigiri asanu ndi limodzi? Mayo ine."

Anatembenuza pepala kuona kumbuyo, ngati kuli yankho kumeneko. Anati zaka makumi atatu akuphunzitsa ana asukulu kuti nyanja ya kumpoto siingadumphe chotero, ilibe mphamvu zake. Akazi awo anabweretsa khofi, palibe anamwa.

Anasaina pa bondo, utoto uli kumanja. "Sefa imeneyi tinaivomereza tonse, Oddrun. Usadzisenzetse wekha." Ndinati inu simunauze mchimwene wanu kuti asiye sitima. Anandiyang'ana modabwa. Za achimwene sankadziwa.

Lero mapu oona atuluka koyamba. Foni ya mu ofesi siinasiye kulira. Wina wa nyuzipepala akufunsa ngati ndi El Nino wachititsa. Ndinati sindikudziwa. Ndipo sindikudziwadi. Mwezi wathawu ndikanamupatsa yankho lamasamba atatu.

Zofa: zikwi zisanu ndi zinayi.

Loweruka, 20 Julaye

Khola lachitatu ndi lachinayi. Onse awiri, dzulo masana, m'maola atatu.

Anandiuza ndi Amayi, achimwene sangathe. Kunali bata, mphepo zii, madzi 19. Nsomba zinakwera zonse pamwamba nthawi imodzi, kenako kuyamba kutembenuka. "Kuyera mbee, mwana wanga, ngati kwagwa chipale chofewa." Amayi anaonera pawindo la khitchini. Akuti achimwene anangoima pa khola, manja lende.

Zikwi zana limodzi. Ndalemba nambalayi kanayi pa envelopu, siikulowa m'mutu.

Lipoti la Pasifiki ndinatumiza dzulo, pa nthawi yake. Ndinalimaliza bwanji, kaya. Yankho labwera kale lochokera kunja: ntchito yabwino kwambiri, yolongosoka, zikomo. Ndinaseka mokweza ndekha mu ofesi mpaka ndinadziopa.

Tikiti ya ndege mu Julaye, mtengo wake wamisala. Ndagula.

Lachiwiri, 23 Julaye

Kwathu. Fungo la nsomba zoola linandilandira ndisanatsike basi.

Anthu pa doko avala malaya opanda manja. Ana akudumphira m'madzi pamalo pomwe ife tinkapikisana woviika phazi nthawi yaitali. Ndinaviika dzanja. Ndimadziwa nambala yake, ndaiona masiku asanu ndi anayi, koma dzanja linadzidzimukabe. Madzi akwathu ofunda ngati tiyi woiwalika.

Khola lachiwiri linapita Lamulungu. Loyamba likutsatira. Pampu ikukoka zofa tsiku lonse, mbalame za panyanja zakhuta mpaka sizikuuluka.

Achimwene aonda. Ndevu zatuwa, maso ofiira. Anandikumbatira, chinthu choti sanachitepo chimwalirireni Bambo. Ndinauma ngati mtengo.

Ndiye masana pa doko, amuna ena akumwa khofi ataimirira. Mmodzi, wa pakamwa uja wogulitsa mafuta a maboti, anati, "Eee, abwera eni ake a setilaiti. Mwabwera kudzatiuza kuti kukuzizira?" Ena anaseka. Achimwene anaika kapu pansi. "Mlongo wanga mumusiye. Makina ndiwo sanaone. Iye anandiuza zomwe makina anamuuza. Palibe munthu akanadziwa, ngakhale iwe ndi pakamwa pakopo."

Wamafuta anapepesa. Anapepesa kwa ine!

Ndikanakonda akananditukwana. Amayi aphika nsomba zouma ndi mbatatesi, za salimoni palibe akufuna kuziona. Ndadya chifukwa amandiyang'ana.

Lachinayi, 25 Julaye

Masiku awiri ndili m'boti ndi achimwene, kuvuula zofa zomwe pampu yasiya. Magolovesi, kaukonde kampini, msana. Ntchito imeneyi ndikuifuna, ikulepheretsa kuganiza. Nsomba zokongola, zonenepa, zopanda ndi bala lomwe. Loyamba latha. Atsala makola awiri, aja okhala ndi makina a mpweya.

Achimwene sadandaula. Amangowerenga makola ndi maso. Dzulo anati anyamata awiri ogwira ntchito awauza kale kuti afune kwina. Mmodzi mkazi wake ndi woyembekezera. Anatinso, "Chikhala kuti ndinatenga sitima ija." Sanamalize. Kenako, "Koma usadandaule iwe, zagwa zatha."

Uthenga wa a Halvard. Kalata yofotokoza zonse ituluka Lolemba kwa onse olandira mapu. Muli masiku ake, muli chifukwa chake, muli mawu oti setilaiti ndi choyezera choyandama zinaona bwino kuyambira pa 24 Juni. Dzina langa mulibe, akuti ndi cholakwa cha ofesi. Akufunsa ngati ndikugwirizana nayo.

Ndikugwirizana nayo. Ndi yoona. Achimwene ali pa mndandanda wa olandira, ndinawalembetsa ndekha chaka chatha ngati mphatso ya Khirisimasi.

Sadzafunika kuuzidwa dzina kuti adziwe kuti ndine. Pa tebulo la Amayi lomweli ndinadzitama kangati za sefa yanga?

Amayi akuona kuti pali kanthu. Potsuka mbale anati, "Iwe ukamatsuka kapu imodzi katatu ndiye kuti wabisa china." Ndinati kutopa. Anangoti mmm.

Masiku anayi. Ndiwauze ndekha, kapena awerenge.

Lachisanu, 26 Julaye

Ndinayamba kawiri kuwauza achimwene. Koyamba foni yawo inalira. Kachiwiri ndinafika pa "Achimwene," iwo "Ee?" ine "Mundipatsireko ndowa."

Mantha enieni. Munthu wa zaka 44.

Madzi 18. Kumpoto kukuoneka mitambo, mwina Lamulungu kugwa mvula. Sindinauze aliyense. Za mawa sindilosanso.

Loweruka, 27 Julaye

Ndawauza. M'boti, cha m'ma 10 koloko, pakati pa khola lachinayi ndi doko.

Ndinanena zonse mwadongosolo ngati ndikuwerenga lipoti, chifukwa njira ina sindikanatha. Setilaiti inaona. Choyezera choyandama chinaona. Chinataya manambala ndi sefa, sefayo ndinalemba ndine. Zoti makina sanaone bwino ndinanama.

Sanakalipe. Anachepetsa injini. Mafunso atatu okha.

"Tsiku ndinakuimbira lija, chithunzi chenichenicho chinali pa kompyuta yako?" Chinalipo.

"Unachitsegula?" Ayi.

"Kuchitsegula kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinaganiza zonama. Ndinati mphindi ziwiri.

Anazimitsa injini. Anakweza mkono wa malaya, kuyang'ana wotchi, osachotsapo maso. Boti likungoyandama, nsomba zofa zikugunda m'mbali, ntchentche. Poyamba sindinamvetse. Nditamvetsa kuti akuwerenga mphindi ziwirizo ndinafuna kudumphira m'madzi. Ndinati achimwene, iwo anangokweza chala, maso pa wotchi. Ndinamva pampu kutali, mbalame, mtima wanga. Ndinaona Amayi kumtunda akuyanika zovala. Sindinadziwe kuti mphindi ziwiri ndi zazifupi chonchi. Ndinkafuna zitalike, zikhale ola, zikhale chinthu chovuta chimene munthu angalephere.

Anatsitsa mkono. "Basi? Ndi zimenezi?"

Ndinati ndi zimenezo.

Analiza injini. Pa doko anamanga boti okha, chingwe changa anachilandira osandiyang'ana. Nkhomaliro sanabwere. Amayi aika mbale yawo mu uvuni, afunsa kawiri kuti kwachitika chiyani, ndipo ine ndikusiya kulemba apa, ndikawauze nawonso.